Kukweza bafa m'mwamba: yankho kwa bambo a ku Nchalo

Bambo ena a ku Nchalo atilembera kuti nyumba yawo ndi yosanjikizana, ndipo madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, zonyansa zimabwerera m'chimbudzi chapansi. Akufuna kusamutsira bafa ndi chimbudzi m'mwamba, ndiye akufunsa ngati pafunika chilolezo komanso zoyenera kusamala.

Bambo, musanagwire hamala, tengani pulani mupite nayo ku khonsolo ya Chikwawa, pakuti zomanga zimavomerezedwa kumeneko motsatira Physical Planning Act ya 2016. Koma choyamba injiniya aone silabu, konkire yolekanitsa nyumba yapansi ndi yam'mwamba. Paipi ya chimbudzi ndi ya 110 mm, ndipo mmisiri wothamanga amangoswa ndi chizulo mpaka kudula zitsulo za m'kati. Silabu yodulidwa zitsulo imayamba ming'alu. Bowo libooledwe ndi makina pamalo amene injiniya waloza, makamaka pafupi ndi khoma lakunja, bafa latsopanolo likhale pamwamba pa lakale kuti mapaipi afupike.

Paipi yogona itsike sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse. Ikagona kwambiri zonyansa zimatsalira. Ya shawa ndi sinki ikhale ya 50 mm, iliyonse ndi trap yosunga madzi otchinga fungo. Paipi yotulutsa mpweya ipitirire denga, apo ayi mukatsitsa madzi m'chimbudzi amakoka madzi a mu trap, fungo n'kulowa kuchipinda. Mapaipi a PVC apanja muwapake penti, chifukwa dzuwa la kuno kuchigwa limawaumitsa n'kusweka.

Pansi pa bafa latsopanolo pakani mankhwala otchinga madzi, akwerenso khoma masentimita 15, mu shawa mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Kenako tsekani potulukira, thirani madzi, agone maola 24, muone kudenga kwapansi. Pakapanda chinyezi ndiye ikani matailosi. Thanki ya madzi ya malita 1,000 ikadzaza imalemera tani imodzi, choncho musaiike pa silabu. Imangireni nsanja yakeyake yotalika mamita atatu kapena kuposa pamwamba pa shawa.

Tsono chimene chikutidetsa nkhawa ndi dzenje la septic, lomwe limalandira zonyansa za m'chimbudzi. Dothi la makande silimwa madzi msanga, ndipo m'dzinja madzi apansi amakwera, dzenje n'kudzaza. Mukangokweza bafa, zonyansa zidzatulukirabe papaipi yakale yapansi ija. Itsekeni ndi chivindikiro ndi simenti, kamwa la dzenje mulikweze kupitirira pamene madzi anafika, ndipo soakaway, dzenje lomwetsa madzi a mu septic m'nthaka, italikirane ndi mjigo kapena chitsime mamita osachepera 30.