Chinkhanira chataya ana ake: chofunika ndi chinyezi, osati chakudya

Mmodzi mwa owerenga watitumizira imelo yofunsa kuti: "Chinkhanira changa cha mtundu wa Pandinus imperator chinabereka masiku atatu apitawo. Tiana tisanu tagwa pamsana pake ndipo sichikutitolanso. Nditipatse chakudya chanji?"

Pepani ndi nkhawayo, koma musatipatse kalikonse pakali pano. Chinkhanira sichiikira mazira, chimabereka, ndipo tiana timatuluka toyera, tonenepa, tofewa ngati mphutsi. Kufikira titafundula khungu koyamba sitidya, timakhalira chakudya chimene tabadwa nacho m'thupi. Kwa mtundu wanuwu kufundulako kumabwera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Mukaika nkhululu yamoyo m'bokosi lomwe tili, ndi iyoyo imene idzayamba kutiluma.

Chimene tiana timapeza pamsana pa mayi ndi chinyezi ndi chitetezo. Khungu la tianati silinakhwime moti silisunga madzi, ndiye kamwana kakakhala pouma kamafota msanga. Choncho yambani mwayesa kutibweza kwa mayi. Tengani kaburashi kofewa kopentera, kanyowetseni pang'ono, mukankhire kamwana kalikonse pafupi ndi miyendo yake kuti kakwere kokha. Kawirikawiri mayi amataya kapena kudya ana chifukwa chosokonezedwa: kuvundukulidwa pafupipafupi, kuwala, kugwedezeka kwa bokosi, ludzu kapena dothi louma. Mupatseni madzi, nyowetsani mbali imodzi ya dothi, phimbani bokosi ndi nsalu, mumusiye. Mukaona kuti wagwira kamwana ndi zopanira zake n'kupita nako kukamwa, musadikirenso, chotsani tonse tomwe tili pansi.

Tiana tomwe mwachotsa kuti mulere nokha tiikeni m'kakontena ka pulasitiki kokhala ndi chivundikiro, kotambalala masentimita 8 mpaka 10. Boolani timabowo tingapo ndi singano. Pansi yalani tishu wopanda fungo wopindidwa kawiri, kapena ulusi wa makoko a kokonati wokhuthala sentimita imodzi. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: zikhale zonyowa, koma mukazifinya madzi asadonthe. Madzi ochepa okha angathe kumiza kamwana kotere, n'chifukwa chake mbale ya madzi isakhalemo, ndipo madontho akaunjikana kuchivundikiro muziwapukuta. Kutentha kukhale madigiri 26 mpaka 29, chinyezi cha mpweya pafupifupi 80 peresenti. Chotenthetsera chikhale cham'mbali, osati pansi pa kontena, chifukwa chimaumitsa tishu usiku umodzi. Tiana tisiyeni tiunjikane pamodzi, mumdima, ndipo muzisuzumira kamodzi patsiku basi. Tishu akayamba nkhungu musintheni, ndipo kakufa kachotseni tsiku lomwelo kasanaitane nthata.

Dziwani kuti ngakhale mutasamala chotere, tina timafa, makamaka pofundula. Kamwana kakagona chete osagwedezeka musakataye msanga, ndipo musakathandize kuvula khungu. Kukoka pang'ono pokha kumathothola mwendo. Khungu likamakanirira, vuto limakhala kuuma kwa mpweya.

Tikafundula timaoneka ngati zinkhanira zenizeni, tochepa thupi, ndipo mtundu umayamba kuda. Dikirani masiku 5 mpaka 7 kuti khungu ndi zakukamwa zilimbe, kenako yambani ndi nkhululu yophedwa kale, yoduladula, kapena tintchentche ta Drosophila tosauluka. Kawiri pamlungu n'kokwanira, ndipo zotsala muzichotsa pakatha maola 24. Tsopano mutha kutisamutsira padothi lonyowa lokhala ndi tizidutswa ta makungwa tobisalamo. Ana a Pandinus amapirirana akamakhuta, koma a mitundu yambiri amadyana, ndiye aliyense amafuna kakontena kake.

Kuyambira pamenepa mbola imagwira ntchito. Ya mtundu wanu si yoopsa kwenikweni, koma amene akulera zinkhanira za ululu woopsa monga Parabuthus, Androctonus kapena Leiurus asanyengedwe ndi kuchepa kwa kamwana. Agwiritse burashi kapena chopanira chachitali, osati zala.