Tikudziwa bwanji kuti nyenyezi zina zimafufuma n'kuphwa?

Aphunzitsi ena a sayansi a ku Ngabu anditumizira imelo. Akuti ana awo awapanikiza m'kalasi: "Mabuku akuti nyenyezi zina zimafufuma n'kuphwa, n'chifukwa chake kuwala kwake kumasintha. Adapitako ndani? Si zongoganizira zimenezi?"

Aphunzitsi, anawo afunsa bwino kwambiri. Koma asasokoneze nkhaniyi ndi kuthwanima kwa nyenyezi kumene timaona usiku wotentha wa Okutobala kuno kuchigwa. Kumeneko ndi mpweya wathu womwewu umene umagwedeza kuwala. Koma nyenyezi yotchedwa Delta Cephei, imene katswiri wa zakuthambo John Goodricke adazindikira kusintha kwake mu 1784, imawala, kuzilala, n'kuwalanso pa masiku 5 ndi maola pafupifupi 9, osaphonya.

Poyamba ambiri ankati ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana. Mu 1914 Harlow Shapley adatsutsa zimenezo, nati ndi imodzi yomweyo ikufufuma. Arthur Eddington adaikapo masamu, ndipo mu 1953 Sergei Zhevakin adapeza gwero lake. M'kati mwa nyenyeziyo muli mpweya wa helium umene ukapanikizika umatsekera kutentha, ngati chivundikiro pamphika wa nyemba. Kutenthako kumakankha, nyenyezi n'kufufuma, mpweya n'kuzizira, kutentha n'kupeza potulukira, nyenyezi n'kuphwanso.

Chimene chimandikhutiritsa ine n'chakuti masamuwa amayesedwa, ndipo nthawi ina adalephera poyera. Kwa zaka zambiri, kulemera kwa nyenyezizi kowerengedwa kuchokera ku kafufumidwe kake kunkachepa poyerekeza ndi kowerengedwa kuchokera ku mmene nyenyezi zimakulira ndi kukalamba. Akatswiri sadabise. Mu 1982 Norman Simon adati mwina zitsulo za m'nyenyezi zimatsekera kuwala kwambiri kuposa mmene ankawerengera. Pofika 1992 gulu la OPAL ku Livermore, ku America, lidawerengeranso pa makompyuta, n'kupezadi kuti chitsulo cha iron chimatsekera kuwala kwambiri kuposa mmene ankawerengera kale. Kusiyana kwa kulemera kuja kudachepa, koma sikudathe. Mu 2010 Grzegorz Pietrzyński ndi anzake adapeza nyenyezi yotereyi ikuzungulirana ndi inzake m'gulu lalikulu la nyenyezi lotchedwa Large Magellanic Cloud, zimene zidawalola kuiyeza mwachindunji. Idalemera kuposa dzuwa kanayi ndi pang'ono, mogwirizana ndi masamu a kafufumidwe.

Zina zikadali zovuta. Mu 1907 Sergei Blazhko adaona kuti nyenyezi zina zofufuma za mtundu wotchedwa RR Lyrae zimasintha kafufumidwe kake pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero akatswiri sanagwirizane chifukwa chake. Anawo muwauze zimenezinso.

Ndipo atulutseni panja. Large Magellanic Cloud ndi kamtambo koyera kaja kooneka kummwera usiku wopanda mwezi, Novembala mpaka Febuluwale. Pafupi pake pali nyenyezi yofufuma yotchedwa Beta Doradus, yooneka ndi maso, imene imasintha pa masiku pafupifupi 10. Pulogalamu ya nyenyezi ya pafoni ikuthandizani kuipeza. Usiku uliwonse wopanda mitambo aiyerekeze ndi nyenyezi ziwiri zoyandikana nayo, alembe tsiku, nthawi ndi yomwe ikuwala kwambiri, kwa mwezi wathunthu.