Ndinakhoza Criminal Law ku Zomba, nanga bwanji mafunso a SQE akundigwetsa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Leicester. Dzina lawo sinditchula, koma anavomera kuti ndiwayankhe pano, poti funso lawoli ndalimvapo kwa anthu angapo. Anaphunzira zamalamulo ku Zomba, anagwirako ntchito ku Blantyre kwa zaka zingapo, ndipo panopa amasamalira okalamba usiku, masana n'kumawerengera mayeso a SQE1, gawo loyamba la mayeso olowera ntchito ya uloya ku England ndi Wales. Analemba kuti: "Criminal Law ndinkaikonda ndipo kwathu ndinaikhoza bwino. Ndinaganiza zoisiya kaye kuti ndilimbane ndi Trusts ndi Land Law zimene zimandivuta. Koma nditayesa mafunso okonzekera, ndikungokhoza theka. Chalakwika n'chiyani? Ndiyambirenso kuwerenga zonse?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi kutopa konseko. Musayambirenso zonse, komanso musaisiye. Mutu wanu uli bwinobwino. Chimene chikukugwetsani n'chakuti malamulo a kwathu ndi a kuno ndi pachibale, amafanana nkhope, ndiye mukaona yankho lodziwika mumalilandira ndi manja awiri musanaliyang'anitsitse. Nanenso ndinadutsa momwemo.

Kuyambira 2021, aliyense woyamba kumene ulendo wokhala solicitor (loya) ku England ndi Wales amalowera pa khomo la SQE limene linakhazikitsidwa ndi Solicitors Regulation Authority (SRA), bungwe loyang'anira ma solicitor. Milandu yaupandu ili m'pepala lachiwiri la SQE1, lotchedwa FLK2, pamodzi ndi nkhani za malo, mawilo, ma trust ndi kasungidwe ka ndalama za makasitomala. Pamene ine ndinkalemba, pepalalo linali ndi mafunso 180 ogawidwa pawiri, ndipo mafunso 90 alionse tinkapatsidwa maola awiri ndi mphindi 33. Mukawerengetsa, funso limodzi ndi mphindi imodzi ndi masekondi 42. Buku simulowa nalo. Amakupatsani kankhani kakafupi ndi mayankho asanu, inu musankhepo limodzi loposa onse. Ku Zomba tinazolowera kulemba masamba atatu, kuonetsa mbali zonse ziwiri, n'kupatsidwa malikisi chifukwa cha kaganizidwe kabwino ngakhale mathero atapotoka pang'ono. Kuno kulibe theka la malikisi. Mayina a milandu yakale sakuuzani kuti muwaloweze, kupatula pamene dzinalo lasanduka dzina la mfundoyo, monga Turnbull, malangizo a mmene khoti liyenera kusamalira ndi mboni yonena kuti inamuzindikira wopalamula. Chimene akufuna kuona n'chakuti munthu atakuimbirani foni ali m'chitokosi, mungamuuze chochita chenicheni.

Penal Code yathu inachokera kwa Angerezi nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake maziko mukuwadziwa kale: actus reus (chimene munthu wachita), mens rea (maganizo amene anali nawo pochita), ndi mfundo ya mlandu wa Woolmington wa 1935 yoti boma ndilo liyenera kutsimikizira khoti kuti munthu walakwa. Pamenepo musatayepo nthawi. Nthawi yanu ipite pamene England inapatuka n'kutenga njira yake.

Tengani kuba. Theft Act 1968 imafuna kuti munthu akhale atachita mwachinyengo. Mabuku ambiri amene tinakulira ankaphunzitsa muyeso wa mlandu wa Ghosh wa 1982, woti woimbidwa mlanduyo ayenera kuti ankazindikira yekha kuti anthu wamba angaone zochita zakezo ngati chinyengo. Supreme Court inakana mbali imeneyo mu 2017 pa mlandu wa Ivey, ndipo Court of Appeal inatsindika zomwezo mu 2020 pa mlandu wa Barton and Booth. Lero khoti limayamba lapeza zimene munthuyo ankadziwa kapena kukhulupirira, kenaka n'kufunsa ngati anthu wamba a khalidwe labwino anganene kuti chimenecho n'chinyengo. Kuti iye ankadziona wolungama sikumupulumutsa. M'mafunso okonzekera mudzamupeza Ghosh ali pakati pa mayankho asanu aja, atavala bwino. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pa kupha munthu napo pali dzenje. Kwathu wopha mnzake ataputidwa angatsitsiridwe mlandu kuchoka pa murder kufika pa manslaughter. Kuno provocation inathetsedwa mu 2010, m'malo mwake munalowa loss of control, pa gawo 54 ndi 55 la Coroners and Justice Act 2009. Sipafunikanso kuti kupsa mtimako kukhale kwadzidzidzi, koma payenera kukhala choyambitsa chimene lamulo lachivomereza: mantha oti achitidwa nkhanza zazikulu, kapena zochitika ndi zonenedwa zolemera kwambiri zimene zinamupatsa chifukwa chomveka chodziona kuti walakwiridwa koopsa. Ndipo lamulolo limanena poyera kuti chigololo cha mwamuna kapena mkazi wako sichiwerengedwa ngati choyambitsa. Nkhani ya bambo wopeza mkazi wake ali ndi mwamuna wina, imene tinkayambira m'kalasi, kuno payokha sikwanira. Onaninso Jogee wa 2016 pa anthu opalamula limodzi: kuoneratu kuti mnzako angaphe ndi umboni chabe, chofunika n'chakuti unali ndi cholinga chomuthandiza kapena kumulimbikitsa.

Milandu yovulaza munthu ili m'lamulo lakale kwambiri, Offences Against the Person Act 1861, ndipo anthu amasokonezeka nayo chifukwa amayang'ana kukula kwa bala lokha. Tiyerekeze mnyamata wakankha mnzake panja pa malo omwera mowa, mnzakeyo wagwa n'kusweka chigaza. Kuvulalako n'kwakukulu, inde. Koma ngati wokankhayo ankangofuna kukankha, osaganizira n'komwe zoti wina avulala, ndi gawo 47. Ngati ankaona kuti mnzakeyo angavulale, ngakhale pang'ono pokha, ndi gawo 20. Gawo 18 limafuna kuti akhale atafunadi kumuvulaza kwambiri. Awiri oyambawo chilango chake sichiposa zaka zisanu, lachitatulo chimatha kufika moyo wonse kundende, ndipo limaweruzidwa ku Crown Court kokha.

Tsopano pa kayendetsedwe ka mlandu, pamene ndikukhulupirira kuti malikisi anu ambiri akutayikira. Criminal Procedure and Evidence Code yathu muiike pambali ndithu, chifukwa kuno manambala ndi maudindo n'zina. Chimene chinandithandiza ine n'kusiya kuwerenga mutu ndi mutu. Ndinadzipangira munthu m'maganizo, mnyamata wogwidwa Lachisanu masana, n'kuyenda naye kuchokera pa kauntala ya polisi mpaka pa apilo, ndikudzifunsa pa khomo lililonse kuti pano wolamula ndani, ali ndi nthawi yochuluka bwanji, ndipo ine ngati loya ndinene chiyani.

Kwathu gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo nambala imeneyo inatilowa m'magazi. Pansi pa Police and Criminal Evidence Act 1984, imene aliyense amangoti PACE, apolisi angasunge munthu maola 24 asanamutsegulire mlandu. Superintendent angawonjezere mpaka maola 36 ngati mlanduwo ndi woti ungathe kupita ku Crown Court. Kupitirira apo m'pofunika chilolezo cha majisitireti, ndipo zonse pamodzi sizidutsa maola 96. Palinso wotchi yachiwiri: inspector ayenera kuunika ngati m'pofunikabe kumusunga, koyamba pasanathe maola 6, kenaka maola 9 alionse. Mawotchi awiriwa sayambira pamodzi. Mnyamata wathu akafika pa polisi 2:00 masana, custody officer (wapolisi woyang'anira osungidwa) n'kuloleza kumusunga 2:30, maola 24 aja amatha 2:00 masana mawa lake, koma kuunika koyamba kuchitike isanadutse 8:30 usiku. Mphindi 30 zimenezo ndi funso lathunthu pa mayeso, ndipo pa ntchito ndi ufulu wa munthu. Gwirani bwino maudindowo: kuchedwetsa kudziwitsa abale kumalolezedwa ndi inspector, kuchedwetsa kuonana ndi loya kumafuna superintendent.

Nkhani yokhala chete ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa ndaona abale athu omwe akuimva molakwika. Kwathu timakula tikudziwa kuti kukhala chete ndi ufulu, basi. Kunonso ndi ufulu, koma uli ndi mtengo wake. Criminal Justice and Public Order Act 1994, gawo 34, imalola khoti kuganizira zoipa ngati munthu sanatchule kwa apolisi chinthu chimene pambuyo pake akudalira podziteteza, pamene zinali zomveka kuti akanachitchula. Gawo 36 likunena za kulephera kufotokoza chinthu kapena chizindikiro chimene wapezeka nacho, monga magazi pa malaya, ndipo gawo 37 za kulephera kufotokoza chimene ankachita pamalo pamene anamupeza. Komabe munthu sangapezeke wolakwa chifukwa cha chete yekhayo, ndipo ngati sanapatsidwe mpata woonana ndi loya, kukhala chete kwake pa polisi sikumutsata. Ndiye loya ali ndi njira zitatu: amuuze ayankhe mafunso, amuuze azingoti "no comment", kapena alembe naye chikalata chofotokoza mbali yake, achipereke, kenaka akhale chete. Funso la mayeso limakupatsani munthu wotopa, kapena wamantha, kapena apolisi amene aulula umboni wochepa, n'kufunsa kuti mwa zitatuzi yabwino ndi iti kwa ameneyu. Musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kawirikawiri yankho limabisala m'mawu amodzi a kankhani kaja, monga zaka za munthuyo. Wosakwana zaka 18 amafunika appropriate adult, munthu wamkulu womuperekeza, pofunsidwa.

Akafika kukhoti, milandu yonse ya akuluakulu imayambira kwa majisitireti, amene kuno ambiri ndi anthu wamba odzipereka, othandizidwa ndi mlangizi wa zamalamulo. Milandu ili m'magulu atatu: yaing'ono imene imathera pomwepo, ikuluikulu monga murder ndi robbery imene imatumizidwa ku Crown Court, ndi yapakati monga kuba, gawo 47 ndi gawo 20. Pa yapakatiyi, munthu akakana mlandu, majisitireti amayamba aona ngati angaukwanitse. Akaulandira, woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wosankha jury, gulu la anthu wamba ogamula ngati walakwa, ku Crown Court. Akaukana, alibenso chosankha. Belo nayo imayamba ndi mfundo ya Bail Act 1976 yoti munthu apatsidwe, pokhapokha pali zifukwa zamphamvu zokhulupirira kuti athawa, apalamulanso, kapena asokoneza mboni. Pa murder belo amapereka ndi jaji wa Crown Court yekha. Wovomera mlandu pa mpata woyamba amachotseredwa gawo limodzi mwa atatu la chilango, wochedwa limodzi mwa anayi, wovomera tsiku la mlandu limodzi mwa khumi.

Chenjerani ndi mabuku obwereka. Mphamvu ya majisitireti yolamula ndende pa mlandu umodzi wapakati inali miyezi 6, mu Meyi 2022 inakwera kufika 12, mu Malichi 2023 inabwerera pa 6, ndipo mu Novembala 2024 inakweranso kufika 12. Buku la mnzanu la chaka china lingakuphunzitseni cholakwika mosadziwa. Mayeso amafunsa lamulo mmene linalili miyezi inayi tsiku loyamba la mayeso lisanafike, choncho onani tsikulo pa tsamba la SRA.

Za umboni ndingodutsa, poti mabuku amazifotokoza bwino: gawo 76 ndi 78 la PACE pa kuvomera kokakamizidwa ndi umboni wopanda chilungamo, makomo asanu ndi awiri a bad character (umboni wa mbiri yoipa ya munthu) mu gawo 101 la Criminal Justice Act 2003, ndi Turnbull pa mboni yoti inamuona munthuyo. Koma khalidwe la loya musalinyalanyaze, chifukwa limabwera mosalengeza pakati pa mafunso ena. Munthu akakuuzani kuti anapalamuladi koma akufuna kukana mlandu, mungapitirize kumuimira n'kusiya boma litsimikize mlandu wake. Simungauze khoti kuti sanachite, kapena kumulola kukanama pamaso pa khoti. Akaumirira, mumasiya kumuimira, ndipo chifukwa chake simuulula.

Poti mumagwira usiku, sindikuuzani kuti muziwerenga maola asanu. Muziyankha mafunso 20 tsiku lililonse wotchi ili patsogolo panu, kenaka mutenge kope, funso lililonse limene mwalakwa mulilembe pansi pa chimodzi mwa zifukwa zitatu: lamulolo sindimalidziwa, ndayankha ndi lamulo la kwathu kapena lakale, kapena sindinawerenge bwino funso. Kwa ine mzere wachiwiriwo ndi umene unadzadza msanga, ndipo nditauona ndi maso ndinadziwa masamba oti nditsegule. Mwayi wolemba ndi katatu pa zaka 6, ndiye musalembetse chifukwa choti anzanu alembetsa. Ngati munavomerezedwa kale kukhala loya kwathu, funsaninso ku SRA za kupempha kuti musalembe SQE2, gawo lachiwiri la mayesowa.

Chitani zimenezi kwa masabata awiri, kenaka mundilembere mundiuze mzere umene wadzadza. Ngati ndi wa PACE, ndikutumizirani tebulo la maola ndi maudindo limene ndinkalimata pa khoma la kukhitchini.