Mlonda wa pageti si mdani wanu

Abale anga amene mwangofika kuno ku Joni, nkhani ya pageti yathetsa maganyu a anthu ambiri. Ku Fourways, Midrand ndi Sandton nyumba zambiri zili m'mipanda, ndipo simulowa ngati mwini nyumba sanavomere. Mlonda amaimbira foni bwana kapena madamu, apo ayi mumamupatsa nambala yolowera imene akutumizirani pa foni. Nambalayo kawirikawiri ndi ya tsiku lomwelo, mawa lake yafa.

Ine chaka changa choyamba ndinaima pageti lina kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 9, madamu foni osayankha. Mtima unandipsa, ndinamulalatira mlonda kuti akundizunza chifukwa ndine Mmalawi. Iye sanayankhe, anangolemba dzina langa m'buku. Sabata yotsatira ndinauzidwa kuti ndisabwerenso. Ndinadzamva mochedwa kuti mnyamatayo anali atachezera usiku wonse, maola 12, ndipo akanandilowetsa pageti, ntchito ikanamuthera iyeyo. Malamulo a pageti amaika ndi komiti ya eni nyumba, iye amangotsata. Ndinalimbana ndi mtunda wopanda madzi.

Ndiye musananyamuke, tumizani uthenga pa WhatsApp kuti pageti adziwiretu za inu. Mukafika perekani moni, ka "Sawubona baba" kokha kamafewetsa munthu. Ntchito ikakhazikika, pemphani abwana akakulembetseni ku ofesi ya estate (mpanda wa nyumbazo), mudinde chala kapena mulandire khadi.

Koma pasipoti yokha musaisiye pageti. Kuionetsa onetsani, akalembe zimene akufuna, kenako ibwerere m'thumba mwanu. Mlonda si wapolisi, si wa Home Affairs. Alipo ena, sindibisa, amene akamva kalankhulidwe kathu amayamba chipongwe kapena kufuna ya fanta. Otere musakangane nawo. Onani dzina pa yunifolomu, sungani nthawi yake, mukawauze abwana. Alonda kuno amalembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira ntchito ya ulonda, ndipo dandaulo la mwini nyumba limamveka msanga kuposa lathu. Zowawa, koma ndi mmene zilili.

Potuluka amasecha zikwama. Madamu akakupatsani zovala, ketulo kapena nsapato za ana, apempheni alembe kapepala kosainira, kapena aimbe foni pageti inu musanafikepo. Ndinaonapo mayi wina wa kwathu atakhazikidwa pansi ngati mbava chifukwa cha bulangete lomupatsa.