Alamu abweretsa wilo yomwe ndikuikayikira: malamulo akuti chiyani?

Funso: Amuna anga, omwe ankagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, anamwalira miyezi itatu yapitayo. Titangosesa, alamu anga anatulutsa wilo yonena kuti nyumba yathu ya ku Luchenza ndi ndalama za kubanki ndi zawo. Tsiku lolembedwa pa chikalatacho ndi lomwe malemuwo anali gone m'chipatala, osatha ngakhale kugwira supuni, ndipo siginecha yake si ya amuna anga. Ndili ndi ana anayi. Kodi nditani? Mayi wamasiye, Luchenza.

Yankho: Pepani mayi ndi zovutazi. Ngati zili monga mwafotokozera, nkhaniyi si yoti ithere pa mkumano wa akubanja, chifukwa kupeka wilo ndi umodzi mwa milandu ikuluikulu m'malamulo a Penal Code. Chinyengo wamba cholemba chikalata chabodza chilango chake chimafika zaka 3, koma wopeka wilo, cheke, kapena chikalata cha umwini wa malo angathe kulamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti munthu amene wangopereka chikalatacho kubanki kapena kukhoti, akudziwa kuti nchabodza, amalangidwa ngati kuti analemba ndi iyeyo. Choncho alamu anu sangapulumuke ponena kuti cholembera chinagwidwa ndi munthu wina.

Palinso lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, lomwe limati wilo iyenera kusainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, nazonso n'kusaina. Mbonizo zidzayenera kuuza khoti komwe zinamuona malemuyo akusaina, ndipo apa mpamene mabodza ambiri amagwera. Lamulo lomweli limati wolanda chuma cha masiye angathe kumangidwa zaka 10, ndipo wilo ikakanidwa, chumacho chimagawidwa poyang'ana choyamba inuyo, ana ndi ena amene malemuyo ankawasamala.

Musasaine pepala lililonse, ngakhale ankhoswe atakuchondererani kuti musunge ubale. Pezani kope la wiloyo, sungani buku la kuchipatala ndi makalata akale okhala ndi siginecha yeniyeni ya amuna anu, kenako mukadandaule kupolisi ndi ku ofesi ya DC. Mulemberenso banki kalata yoidziwitsa kuti wiloyo mukuitsutsa. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau angakuthandizeni kukatsutsa wiloyo kukhoti nyumbayo isanagulitsidwe.