Kodi mtsogoleri watsopano wa Apalestina angathetse ziwawa?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa ngati munthu amene adzalowe m'malo mwa Mahmoud Abbas, pulezidenti wa boma la Apalestina, adzathe kuletsa ziwawa kuti zokambirana za mtendere ndi Israel ziyambirenso. Zikomo mayi. Maganizo anga ndi akuti kusintha munthu pampando kokha sikungakwanitse zimenezi, ndipo chifukwa chake chinaoneka kale pa Abbas yemweyo.

Yasser Arafat, amene ankatsogolera Apalestina Abbas asanalowe, atamwalira mu Novembala 2004, anthu ankafunsa funso lomweli. Abbas anasankhidwa mu Januwale 2005 ndi mavoti pafupifupi 62 pa 100 alionse, atanena poyera kuti kumenya nkhondo ndi zida kunkapweteka Apalestina eniake. Patangotha mwezi umodzi anakumana ndi Ariel Sharon, nduna yaikulu ya Israel panthawiyo, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, awiriwo nalengeza kuti kumenyana kuleke, ndipo ziwawa zinachepadi. Koma chaka chomwecho Israel inachoka ku Gaza mwa iyo yokha, popanda pangano ndi Abbas, kotero Apalestina ambiri anakhulupirira kuti mfuti za Hamas, gulu la Apalestina la ndale ndi la zida, ndizo zinathamangitsa asilikaliwo pamene kukambirana kunalephera. Pachisankho cha Januwale 2006 Hamas inapeza mipando 74 mwa 132, ndipo mu Juni 2007 inalanda Gaza ndi zida.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuti mtsogoleri auze mnyamata wa ku Jenin kapena ku Nablus, mizinda ya ku West Bank, kuti atule mfuti, ayenera kukhala ndi chomuonetsa m'manja. Boma la Apalestina lilibe. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a West Bank, dera lotchedwa Area C, ali m'manja mwa Israel, ndipo midzi ya Aisraeli ikukulirakulira kumeneko. Misonkho ya katundu wolowa imatoleredwa ndi Israel, imene kangapo yakhala ikukaniza ndalamazo, aphunzitsi ndi apolisi n'kumalandira malipiro operewera. Wapolisi wotere akapita kukamanga anthu a zida, anansi ake amamuona ngati mlonda wa adani. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amafa pamapeto pake ndi anthu wamba a mbali zonse ziwiri, monga zinachitikira pa 7 Okutobala 2023, pamene anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa ku Israel pachiwembu chotsogozedwa ndi Hamas, ndiponso pankhondo yotsatira imene yapha anthu zikwi makumi ambiri ku Gaza.

Palinso nkhani ya amene angamuike pampandopo. Abbas anapatsidwa zaka zinayi, koma chisankho cha 2021 anachiimitsa, ndipo Hussein al-Sheikh, amene anakhala wachiwiri wake mu Epulo 2025, sanavoteredwe ndi anthu. Marwan Barghouti, wandale wa Chipalestina yemwe amatsogola kawirikawiri pa kafukufuku wa maganizo a Apalestina, ali m'ndende ku Israel kuyambira 2002.

Ndipo kukambirana kumafuna anthu awiri. Zokambirana zotsogozedwa ndi John Kerry, yemwe anali nduna ya America yoona za kunja, zinasokonekera mu Epulo 2014, ndipo Benjamin Netanyahu, yemwe wakhala nduna yaikulu ya Israel kwa zaka zambiri, wanena mobwerezabwereza kuti sadzalola dziko la Palestina. Choncho mayi, mukadzamva dzina latsopano, mudzafunse ngati munthuyo wadutsa pachisankho chochitikanso ku Gaza ndi ku East Jerusalem, ngati magulu onse a zida akumumvera, ndiponso ngati Israel yasiya kumanga midzi yatsopano m'miyezi yake yoyambirira.