Maikolofoni Yanu Siinafe, Achimwene

Imelo ya mnyamata wina yandigoneka mochedwa sabata ino. Wagula maikolofoni ya condenser (mtundu wofuna magetsi kuti ugwire ntchito), wailumikiza ku audio interface (kabokosi kolowetsa mawu pakompyuta), wadina batani la 48V lotumiza magetsi kumaikolofoni, kagetsi kayaka, koma mawu sakulowa. Akufunsa ngati anamugulitsa yakufa.

Achimwene, kalata yanu yandikumbutsa bala lakale. Condenser yanga yoyamba ndinaisungira ndalama miyezi yambiri. Tsiku lomwe inafika ndinadikira kuti anthu agone, ndikupachika mabulangeti kukhoma, n'kuyamba kuimba. Pakompyuta panangodutsa kamzere kowongoka ngati ulusi. Ndinapotokola gain (kokwezera mphamvu ya mawu olowa) mpaka kumapeto, m'mahedifoni munangoti sssss. Masiku atatu ndinalimbana nayo: kuchotsa madalaivala, kuwabwezeretsa, kusintha mabowo a USB. Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti maikolofoni ina yobwereka, Shure SM58, inkamveka bwinobwino pa chingwe chomwecho. Ndiye ndikanakayikira bwanji chingwe? Ndinaweruza kuti maikolofoni ndi yakufa, ndipo ndinaigulitsa motchipa kwa mnzanga wodziwa kukonza zinthu.

Patatha sabata ananditumizira nyimbo. Mawu oyera mbee, ngakhale kupuma kwake kumamveka. Nditamufunsa chimene wakonza anati, "Palibe, ndangoikapo chingwe changa."

Changa chinali ndi XLR (pulagi ya mapini atatu) mbali imodzi, jack yaikulu ya 6.35mm mbali inayo. Ndinkachilowetsa pakati pa bowo la interface lolandira mitundu iwiri yonse. Magetsi a 48V aja, otchedwa phantom, safika pamenepo. Amadutsa pa mapini a XLR okha: 48V imapita pa pini 2 ndi pini 3 mofanana, kudzera pa resistor ya 6.8k mbali iliyonse, n'kubwerera pa pini 1. Kagetsi kamayaka chifukwa interface yatulutsa magetsi, sikatsimikizira kuti afika kumaikolofoni. SM58 sinavutike chifukwa ndi dynamic, imadzipangira yokha mphamvu ndi koilo ndi maginito. Condenser ili ndi kachikopa kopyapyala moyang'anizana ndi kachitsulo, komanso ka amplifier m'kati, ndipo popanda magetsi imangokhala duu.

Ndinene mosabisa: kugulitsa condenser yofuna 48V pamodzi ndi chingwe cha XLR chothera ku jack n'kulakwira munthu. Woyamba kumene amakhulupirira zimene wapeza m'bokosi. Amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi aja othamangira kulangiza pa intaneti kuti "gulani interface yodula". Sanafunse n'komwe za chingwe! Interface yotchipa imene ikutulutsa pakati pa 44V ndi 52V ili m'malire ovomerezeka, ndipo muyezo wa IEC 61938 umangofuna kuti ithe kupereka mpaka 10mA. Maikolofoni ambiri amakoka yochepera apo.

Nambala ya 48 ili ndi mbiri yake. Mu 1966 kampani ya Neumann inkapanga maikolofoni a wailesi ya NRK ku Oslo, m'dziko la Norway, komwe m'ma studio munali kale magetsi a 48V oyatsira nyali zothandizira. Anagwiritsa ntchito omwewo, ndipo maikolofoni ya KM 84 inatulukira pamenepo. Dzina lakuti phantom linabwera chifukwa magetsiwo alibe waya wawo wooneka, amabisala m'mawaya onyamula mawu.

Chinyezi nachonso chinandiliza nthawi ina. Maikolofoni inayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, ine n'kumati basi yapita. Unali mpweya wa m'kamwa umene unanyowetsa kachikopa kaja, chifukwa ndinkaimbira pafupi popanda pop filter, kasefa kotchinga mpweya wa m'kamwa. Itagona masiku awiri m'bokosi lokhala ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, phokoso linatha.

Zoti muyese

Pezani chingwe cha XLR mbali zonse ziwiri. Tsitsani gain ndi masipika, lumikizani, kenako muyatse 48V ndi kudikira masekondi angapo. Pochotsa muyambe mwazimitsa. Zikakanika, tengani mita yoyezera magetsi muyeze kumapeto kwa chingwe: pini 2 ndi 1, kenako pini 3 ndi 1, ponse pawerenge pafupifupi 48V. Mbali imodzi ikasowa, waya waduka. Interface ilowe pakompyuta penipeni osati pa USB hub (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB), chifukwa 48V imeneyo imakwezedwa kuchokera pa 5V ya USB. Onaninso kuti batani la INST (la zida monga gitala) ndi la pad (lochepetsa mawu) n'lozimitsa, ndipo ngati maikolofoniyo ndi yolandira mawu m'mbali monga AT2020, muziimbira kumene kuli chizindikiro cha kampani, osati pamutu pake.

Mukadzagwira maikolofoni ya munthu ya mtundu wa ribbon, musayatse phantom musanamufunse mwiniwake, chifukwa chingwe cholumikizidwa molakwika chingathe kuiwononga.

Musaigulitse musanayese chingwe china, chonde. Mnzanga uja ndinamupempha kawiri kuti andibwezere yanga, anakana, ndipo akujambulirabe mpaka lero. Mundilembere mundiuze kuti kumapeto kwa chingwe chanucho kuli chiyani.